Chisanu cha kumayambiriro kwa nyengo yozizira ku Lilongwe

Chisanu cha kumayambiriro kwa nyengo yozizira ndi kuzizira kobwera mwadzidzidzi m'mwezi wa Meyi kapena wa Juni, mvula itangotha kumene, anthu asanatulutse mabulangete ndi majuzi. Mu mzinda wa Lilongwe kuzizira kotere kumagwira masiku ochepa, kawirikawiri osapitirira sabata imodzi, kenaka kunja kumafundako, n'kudzazizira kachiwiri pakapita masiku ena. Gwero lake silili mumzindamo kapena m'dziko la Malawi. Kumachokera ku mphepo zoyenda pamwamba pa nyanja zamchere za kumwera kwa Africa, ndipo poti mphepozo n'zazikulu komanso zimayenda mwadongosolo, akatswiri a zanyengo amatha kuziona zikubwera kudakali masiku asanu kapena kuposerapo.

Ulosi wonena za nyengo ya masiku 3 mpaka 10 akutsogolo umayankha bwino funso lakuti kodi sabata ya mawa kudzazizira. Umavutika kuyankha funso lakuti kodi pa mlatho wa Lilongwe padzazizira motani 5 koloko m'mawa wa Lachinayi, chifukwa zimenezo zimadalira mitambo ya usiku umenewo ndiponso mmene malowo anakhalira.

Mayina a nyengoyi

Achewa amagawa chaka potengera mvula ndi ntchito za kumunda. Dzinja ndi nyengo ya mvula, masika ndi nthawi yokolola, chisanu ndi miyezi yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti, ndipo chilimwe ndi nyengo ya dzuwa lotentha mvula isanayambe. Mawu akuti chisanu amatanthauzanso mame oundana omwe amayera mbuu pa udzu m'mawa kukazizira kwambiri, omwe amawaula masamba a mbewu. Omasulira ena amatenga mawu a Chingerezi akuti winter n'kuwalemba kuti dzinja. Uku n'kusokoneza owerenga, pakuti ku Malawi dzinja n'lofunda komanso lamvula.

Chifukwa chake ku Lilongwe kumazizira

Mzinda wa Lilongwe uli pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator. M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo cha pa 21 Juni limakwera madigiri pafupifupi 53 okha kuchokera pansi pa nthawi ya masana, pamene kumapeto kwa Okutobala limadutsa pamutu penipeni. Masiku amafupikanso. Kumapeto kwa Juni dzuwa limatuluka 6 koloko itadutsa pang'ono ndipo limalowa 5:30 isanakwane, choncho usana umakhala wa maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene mu Disembala umafika pafupifupi maola 13. Nthaka imalandira kutentha kochepa masana ndipo imakhala ndi usiku wautali wotayira kutenthako.

Chinthu chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Mzindawu uli pa chidikha chokwera mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse omwe munthu wakwera. N'chifukwa chake wochokera ku Salima, komwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, amadandaula kuzizira akafika ku Lilongwe, pamene wochokera ku Dedza, tauni yomwe ili pa mamita pafupifupi 1,600, amaona ngati ku Lilongwe n'kofunda.

Mu Juni ndi Julayi, masana ku Lilongwe kumafika madigiri 22 mpaka 24, ndipo m'bandakucha kumatsika kufika madigiri 8 mpaka 10. Awa ndi manambala apakatikati a zaka zambiri. Chisanu chadzidzidzi ndi masiku omwe kuzizira kumapitirira manambalawa, kapena omwe kuzizira kwa mu Julayi kumafika msanga, mu Meyi.

Kumene mphepo yozizira imachokera

Mpweya uli ndi kulemera, ndipo kulemerako sikufanana ponseponse. Pali madera ena aakulu kumene mpweya umatsika kuchokera m'mwamba n'kupanikiza pansi kwambiri. Pa Chingerezi amawatchula kuti high pressure, ndipo pa mapu a zanyengo amawalemba ndi chilembo cha H. Madera awiri otere amakhala m'mbali mwa kumwera kwa Africa chaka chonse. Lina lili pa nyanja ya Atlantic, ndipo limatchedwa ndi dzina la chilumba cha St Helena. Linalo lili pa nyanja ya Indian, kumwera kwa zilumba za Mascarene, zomwe ndi Mauritius, Réunion ndi Rodrigues. M'nyengo yozizira madera onsewa amasendera chakumpoto, kufupi ndi Africa.

Kumwera kwa madera amenewa kumaomba mphepo zamphamvu zochokera kumadzulo, zomwe zimanyamula mpweya wozizira wa kufupi ndi Antarctica. Malire omwe mpweya wozizirawu umakumanirana ndi mpweya wofunda amatchedwa cold front. Malire otere akafika ku Cape Town kumagwa mvula, ndipo pa mapiri a Drakensberg ndi ku Lesotho pamagwa chipale chofewa. Nthawi zina mpweyawo umalowa mkati kwambiri: pa 10 Julayi 2023 chipale chofewa chinagwa mu mzinda wa Johannesburg, koyamba chichitikireni zoterezi mu 2012.

Mvula ya ku Cape Town sifika ku Malawi, pakuti pakati pa mzindawo ndi Lilongwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 2,700. Chomwe chimafika ndi chotsatira pambuyo pake. Cold front ikadutsa, dera la mpweya wolemera la ku Atlantic limatambasuka m'mphepete mwa South Africa kulowera kum'mawa, mpaka chigawo chake chimaduka n'kukaphatikana ndi la ku Mascarene. Kumwera kwa equator mphepo imazungulira dera lotere mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Choncho maiko omwe ali kumpoto kwake amalandira mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Mphepoyi imadutsa pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, imatola chinyezi, n'kulowa kumtunda cha ku Beira ndi Quelimane. Kuchokera apo imakwera motsata zigwa za Zambezi ndi Shire. Kuyambira tsiku lomwe mvula yagwa ku Cape Town mpaka pomwe mphepo yozizira yafika ku Malawi pamapita masiku angapo, ndipo mpata umenewu ndiwo umathandiza olosera.

Ikafika m'Malawi, mphepo imodzi yomweyi imakhala ndi mayina awiri. Kumapiri a chigawo cha kumwera, monga ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba, mpweya wachinyeziwo umakakamizika kukwera, umazizira, n'kusanduka mitambo yotsika, chifunga ndi mvula ya mawawa. Ichi ndicho chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, mbali yomwe mitamboyo imatulukira. Ku Zimbabwe nyengo yofanana ndi imeneyi amaitchula kuti guti. Pa nyanja ya Malawi mphepoyo imatsata chigwa chachitali cha nyanjayo, imakula mphamvu, n'kuutsa mafunde aakulu. Umenewu ndiwo mwera, womwe asodzi amauopa. Sitima ya Vipya inamira pa mphepo yamkuntho pa 30 Julayi 1946, ndipo anthu 145 anafa. Kumpoto, mapiri a Viphya ndi Nyika nawo amakutidwa kawirikawiri ndi mitambo yotsika m'miyezi imeneyi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali yomwe inanyamuka ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima anafa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Malipoti a ofufuza anatchula nyengo yoipa ndi kusaoneka bwino kwa kutsogolo ngati zina mwa zomwe zinachititsa ngoziyo.

Kuzizira kwa masana ndi kuzizira kwa m'bandakucha

Lilongwe ili kuseri kwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza, omwe amatchinga gawo lalikulu la chinyezi chochokera kumwera chakum'mawa. Mvula ya mawawa sigwa kawirikawiri mumzindawu ngati mmene imachitira ku Thyolo kapena ku Blantyre. Komabe mphepo ikakhala yamphamvu, mitambo imawoloka mapiriwo n'kuphimba chidikha chonse. Masiku oterowo dzuwa silioneka, mphepo imaomba tsiku lonse, ndipo masana kutentha kumatha kulephera kufika madigiri 20. Anthu amavala majuzi ndi zipewa mpaka madzulo, zovala zochapa siziuma. Chodabwitsa n'chakuti usiku wa masiku amenewa suzizira kwambiri, chifukwa mitambo imabweza pansi kutentha komwe nthaka ikutaya, monga bulangete lichitira.

Kuzizira kwenikweni kwa usiku kumabwera mitambo ikachoka. Mphepo imaleka, mpweya umakhala wouma, nyenyezi zimaoneka mbee, ndipo palibe chotchinga kutentha kwa nthaka kuti kusathawire kumwamba. Nthaka imazizira usiku wonse n'kuziziritsa mpweya wokhudzana nayo, ndipo kuzizira kumafika pachimake dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Ambiri amapusitsika apa: akaona dzuwa labwerera masana amaganiza kuti chisanu chatha, pamene usiku wozizira koposa ndi womwewo kapena wotsatira wake.

Zipangizo zoyezera kutentha pa malo a zanyengo zimaikidwa m'kabokosi koyera kokhala ndi mipata, pa msinkhu wa mamita 1.25 mpaka 2 kuchokera pansi. Usiku wopanda mitambo, pa udzu pamazizira ndi madigiri angapo kuposa m'kabokosimo. Chifukwa cha ichi, mame amatha kuundana m'dambo ngakhale wailesi italengeza kuti kunali madigiri 3 kapena 4.

Kusiyana kwa malo mkati mwa mzinda

Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, ndipo usiku wabata umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunsi monga madzi, n'kukadikha m'zigwa. Ku Lilongwe malo otsikawo ndi m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, komanso m'madambo omwe amathira m'mitsinjeyi. Aliyense woyenda pansi kapena panjinga m'mamawa amamva kusinthaku pa khungu akamatsikira pa mlatho.

Old Town, yomwe inakula mozungulira boma lakale mzindawu usanakhale likulu la dziko mu 1975, ili mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Lilongwe. Kuno kuli zinthu ziwiri zokokana. Misewu ya phula, makoma a njerwa ndi masitolo othithikana a ku Area 2 ndi mumsewu wa Malangalanga zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, choncho pakati pa nyumba pamakhala pofundirako. Koma misika ya m'mbali mwa mtsinje, kuphatikizapo wa Tsoka, ili pansi penipeni pa chigwa, pomwe mpweya wozizira umasonkhana. M'mawa wotere utsi wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa magalimoto sukwera kumwamba. Umayala ngati nsalu yotuwa pamwamba pa mtsinje, chifukwa mpweya wapansi ndi wozizira kuposa wapamwamba pake ndipo sungathe kukwera. Utsiwo umabalalika dzuwa likatenthetsa nthaka, cha m'ma 8 kapena 9 koloko.

City Centre inamangidwa mosiyana, nyumba zitalizitali zotalikirana, pakati pake pali mabwalo, misewu yotakata ndi tchire. Pa Capital Hill ndi malo ena okwera, vuto la masiku a chiperoni ndi mphepo, yomwe ilibe choitchinga ndipo imabaya anthu odikira minibasi. Usiku wabata malo okwerawa sazizira ngati m'chigwa cha Lingadzi, momwe muli nkhalango yotetezedwa yolekanitsa City Centre ndi Old Town.

M'madera a nyumba zotalikirana, monga Area 3, 9, 10, 12 ndi 43, mapuloti ndi aakulu ndipo ali ndi kapinga ndi mitengo yambiri. Kapinga amazizira msanga dzuwa likalowa, poti sasunga kutentha ngati simenti. Pansi pa mtengo waukulu pamakhala pofundirako chifukwa masamba amagwira ntchito ya mitambo, koma pa kapinga wa pamtetete mame amagwa ochuluka. Mpanda wa njerwa umatchinga mphepo, komanso umatha kudikhitsa mpweya wozizira kunsi kwa puloti yotsetsereka, komwe nthawi zambiri ndi komwe kumakhala dimba la ndiwo zamasamba ndi nyumba ya antchito.

Manambala omwe amalengezedwa kuti ndi a ku Lilongwe amayezedwa kunja kwa madera onsewa. Malo akuluakulu oyezera nyengo ali ku Chitedze, makilomita pafupifupi 16 kumadzulo mumsewu wa Mchinji, ndi ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lili pa mamita pafupifupi 1,230. Malo onse awiriwa ndi okwera kuposa mlatho wa Lilongwe.

Mmene ulosi wa masiku 3 mpaka 10 umapangidwira

Bungwe la zanyengo la dziko lonse, World Meteorological Organization, limagawa ulosi potengera kutalika kwa nthawi. Wofika maola 72 ndi waufupi. Wopitirira maola 72 mpaka maola 240, omwe ndi masiku 10, ndi wapakatikati. Wopitirira apo mpaka masiku 30 ndi wotalikirapo. Ulosi wa tsiku limodzi munthu angathe kuuyerekeza poyang'ana kumwamba ndi poona mmene kwachera m'maiko oyandikana nawo. Wa sabata yathunthu sungatheke popanda kuwerengera mlengalenga wa dziko lonse lapansi, popeza mpweya womwe udzafike ku Lilongwe Lachisanu ungakhale uli kumwera kwa nyanja ya Atlantic Lolemba.

Ntchitoyi imayamba ndi kuyeza mmene mlengalenga ulili panopa. Zoyeza zimachokera ku masetilaiti, ku mabaluni okwezedwa m'mwamba ndi zipangizo, ku ndege, ku sitima, ku zipangizo zoyandama pa nyanja ndi ku malo ngati Chitedze. Kompyuta yamphamvu imagawa mlengalenga wonse m'timabokosi mamiliyoni ambiri, tosanjikizana kuchokera pansi mpaka m'mwamba. M'kabokosi kalikonse imawerengera, potsata malamulo a sayansi, mmene mphepo, kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya zisinthire pa mphindi zochepa zikubwerazo. Ikamaliza imayambiranso kuchokera pa yankho lomwe yapeza, mobwerezabwereza, mpaka itafika tsiku la 10 kapena la 15.

Maganizo amenewa ndi akale kuposa makompyuta. Lewis Fry Richardson wa ku Britain anawafotokoza m'buku lake la mu 1922, atatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi akuwerengera pamanja ulosi wa maola asanu ndi limodzi okha, womwenso unalakwika kwambiri. Anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera nthawi imodzi kuti ulosi uzituluka nyengoyo isanafike. Mu 1950 gulu la Jule Charney ku America linagwiritsa ntchito kompyuta ya ENIAC, ndipo ulosi wa maola 24 unatenga pafupifupi maola 24 kuuwerengera. Maiko a ku Ulaya anakhazikitsa bungwe la ECMWF mu 1975 ku England, kuti lizichita ulosi wapakatikati, ndipo linayamba kuutulutsa mu Ogasiti 1979. Ku America kuli pulogalamu ya GFS, yomwe imawerengera kanayi pa tsiku mpaka masiku 16. Ambiri mwa manambala a nyengo omwe amaoneka pa mafoni ku Lilongwe amachokera ku mapulogalamu ngati awiriwa.

Ulosi uli ndi malire omwe kompyuta iliyonse singawadumphe. Mu 1961 Edward Lorenz, akubwereza masamu ake a zanyengo, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, poganiza kuti kusiyanako n'kosanunkha kanthu. Yankho linayamba lofanana ndi loyamba, kenaka linapatuka mpaka kukhala losiyana kotheratu. Poti n'zosatheka kuyeza mlengalenga wonse mosaphonya ngakhale pang'ono, cholakwika chaching'ono cha lero chimakula tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha masabata awiri ulosi wa tsiku lenileni umakhala utatha ntchito.

Pofuna kuthana ndi vutoli, kuyambira mu 1992 mabungwe akuluakulu amawerengera ulosi umodzi kambirimbiri, nthawi iliyonse atasintha pang'ono poyambira. Njirayi imatchedwa ensemble, ndipo ya ECMWF imatulutsa mayankho 51. Ngati pafupifupi onse akuonetsa dera la mpweya wolemera likutambasukira ku nyanja ya Indian tsiku lachisanu, wolosera amachenjeza molimba mtima. Ngati agawanika pakati, amanena kuti pali kuthekera chabe. Luso la ulosi lakhala likukwera pa liwiro la pafupifupi tsiku limodzi pa zaka 10 zilizonse, kutanthauza kuti ulosi wa masiku asanu ndi limodzi lero ndi wodalirika ngati mmene unalili wa masiku asanu zaka 10 zapitazo. Kumwera kwa equator kupita patsogoloku kunali kwakukulu koposa. Kale ulosi wa kuno unkatsalira kwambiri chifukwa dera lalikulu ndi nyanja zopanda malo oyezera, ndipo masetilaiti ndiwo anatseka mpatawo cha m'ma 2000. Mu Febuluwale 2025 ECMWF inayamba kugwiritsanso ntchito pulogalamu ya AIFS, yomwe m'malo mowerengera malamulo a sayansi imaphunzira kuchokera ku nyengo za zaka makumi angapo zapitazo.

Ulosi ku Malawi

Udindo wolosera ndi kuchenjeza m'dziko la Malawi uli m'manja mwa Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, yomwe imadziwika ndi zilembo za DCCMS ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Nthambiyi imatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku, wa masiku asanu ndi wa sabata, komanso chikalata cha masiku 10 chothandiza alimi m'nyengo ya ulimi. M'miyezi yozizira machenjezo ake ambiri amakhala a mwera ndi chiperoni, ndipo amafika kwa anthu kudzera pa wailesi ngati MBC ndi Zodiak, pa mawailesi a m'madera, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Olosera ake amaona zotuluka m'mapulogalamu a kunja aja, zithunzi za setilaiti ndi malangizo ochokera ku likulu la chigawo ku Pretoria, lomwe kuyambira mu 2006 lakhala likuthandiza maiko a kumwera kwa Africa kulosera nyengo zoopsa. Pamwamba pa izi amawonjezera zomwe akudziwa za mapiri ndi zigwa za m'dziko muno. Ntchito ya M-CLIMES, yothandizidwa ndi Green Climate Fund kudzera ku UNDP, inawonjezera zipangizo zoyeza nyengo zodziyendera zokha pamtunda ndi pa nyanja ya Malawi.

Chisanu n'chosavuta kulosera poyerekeza ndi mvula ya m'dzinja. Mvula ya mabingu imabadwa pa malo aang'ono ndipo imatha kugwa ku Area 25 osagwa ku Area 3. Dera la mpweya wolemera lomwe limatumiza mwera ndi lotambalala makilomita zikwi zingapo, ndipo makompyuta amalitsata bwino. Pomwe amaphonya ndi pa zinthu zing'onozing'ono. Timabokosi ta pulogalamu ya ECMWF ndi totambalala makilomita pafupifupi 9, ndipo mtunda wa pakati pa Old Town ndi City Centre sukwana pamenepo. Kwa kompyutayo chigwa cha Lingadzi ndi Capital Hill ndi malo amodzi okhala ndi nambala imodzi. Mitambo ya chiperoni nayo ndi yopyapyala komanso yotsika, ndipo n'kovuta kudziwiratu ngati iwoloke mapiri a Dedza kapena ithere komweko. Ikawoloka, masana kuzizira ndipo usiku kufundako. Ikapanda kuwoloka, zichitika mosemphana.

Wowerenga ulosi ayenera kuupatsa kulemera kosiyana malinga ndi tsiku. Manambala a masiku atatu oyambirira ndi odalirika, ngakhale wokhala m'chigwa achotsepo madigiri angapo pa nambala ya m'bandakucha kumwamba kukakhala kopanda mitambo. Kuyambira tsiku lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri, chodalirika ndi mbali yomwe zinthu zikulowera, kuti kuzizira kapena kufunda, pamene tsiku lenileni lingasunthe. Kupitirira apo ndi chizindikiro chabe. Foni yomwe imalemba kuti pa tsiku la 14 kudzakhala madigiri 9 ikuonetsa kutsimikiza komwe kompyuta yomwe inapanga nambalayo ilibe. Chizindikiro chabwino n'chakuti ulosi ukunena zofanana masiku awiri kapena atatu otsatizana.

Omwe chisanu chimawakhudza

Nyumba zambiri za ku Lilongwe zinamangidwa poganizira kutentha. Denga la malata lopanda siling'i limataya kutentha msanga, ndipo m'bandakucha m'nyumba mumazizira pafupifupi ngati panja. Nyumba zina zakale za ku Area 3 ndi Area 10 zili ndi poyatsira moto pabalaza, koma omwe amakhala panja usiku wonse m'madera amenewa ndi alonda, ambiri mwa iwo ochokera ku Kauma, Mtandire, Mgona ndi Chinsapo. Pamodzi ndi iwo pali ana ogona m'makhonde a masitolo ku Old Town, apaulendo odikira basi ku depoti, odikirira odwala ku zipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central, ndi amayi opita kukapikula ndiwo kusanache. Oyendetsa kabaza wa njinga zamoto amamva kuzizira koposa komwe kwayezedwa, chifukwa mphepo ya liwiro imachotsa kutentha pa khungu mofulumira. Mayeso a MANEB nawo amalembedwa m'miyezi yomweyi, ndipo ophunzira ambiri amafika m'chipinda cholembera zala zitachita dzanzi.

Choopsa chachikulu usiku wa chisanu ndi mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, amagona, ndipo akhoza kufa ali m'tulo. Kanyumba ka mlonda kotsekedwa chitseko ndi zenera ndi malo oopsa kwambiri pa zimenezi. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone.

Kuzizira pakokha sikuyambitsa chimfine kapena chibayo, pakuti matendawa amabwera ndi tizilombo. Koma kukazizira anthu amathithikana m'zipinda ndi m'maminibasi otseka mazenera, ndipo utsi wodikha m'zigwa umavutitsa odwala mphumu. Ana obadwa kumene, makamaka osakwana masiku, amataya kutentha msanga, ndipo thupi la khanda likatsika pansi pa madigiri 36.5 limakhala lazizira kale mopitirira muyeso. Njira ya kangaroo, yomwe mayi amafungatira mwana pachifuwa khungu kwa khungu, inayamba ku Malawi pa chipatala cha Zomba mu 1999 ndipo tsopano imagwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri.

Kwa alimi a mumzinda ndi m'mbali mwake, chenjezo la masiku asanu limapereka mpata wochitapo kanthu. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kukazizira amaunjikana pakona mpaka kupanikizana, choncho woweta angathe kukonzeratu makala ndi makatani a khola, kapena kuchedwetsa kugula anapiye. Wa dimba m'mbali mwa Lingadzi angathe kuphimba nazale ya tomato ndi udzu madzulo, ndi kuthirira masana, popeza nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma. Masiku a mitambo ndi chinyezi amabweretsa vuto lina, la chiwawu pa tomato ndi mbatatesi, ngakhale alimi a fodya amawakonda chifukwa tsamba louma limafewa n'kusankhika osaphwanyika. Mwera ukakhalitsa asodzi sapita pa nyanja, ndipo usipa wauwisi umachepa m'misika ya ku Lilongwe. Ku msika wa kaunjika, majekete ndi mabulangete amakwera mtengo chisanu choyamba chikangofika.

Pakati pa alimi ambiri a m'chigawo chapakati pali chikhulupiriro chakuti kukazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, mvula ya chaka chimenecho idzakhala yabwino. Ulosi wa DCCMS wa nyengo ya mvula, womwe umatuluka cha mu Seputembala msonkhano wa akatswiri a m'maiko a SADC ukatha, sudalira chisanu cha ku Lilongwe. Umatengera makamaka kutentha kwa madzi a nyanja za Pacific ndi Indian.